Kachipu Kamodzi Kakapsa, Bodi Yonse Isapite Kudzala

Ana ena a m'makomboni athu kuno ku Chainda, Mtendere ndi Kalingalinga ayamba kugwila m'manja kanthu kamene ife makolo ao sitinakaonepo pa ubwana wathu. Ndi kabodi ka magetsi kokwana pacikhatho, dzina lake Arduino. Anakayamba mu 2005 aphunzitsi a pa sukulu ina ya mu tauni ya Ivrea ku Italy, pofuna kuti ophunzila opanda ndalama zambili athe kupanga makina aoao. Lelo mwana wa m'kalabu ya JETS, imene yakhala m'masukulu a Zambia kuyambila mu 1968, angapange nako alamu ya pacitseko, nyale yoyaka yokha kukada, kapena kampopi kothilila ndiwo.

Cimene catidetsa nkhawa ndi zimene zimacitika kabodi aka kakaleka kugwila nchito. Mwana amauzidwa kuti waononga, bodi imaponyedwa m'kabati kapena m'malabishi, ndipo kholo limene linadzimana kuti liigule limalumbila kuti silidzagulanso. Phunzilo limathela pomwepo. Ife tikunena kuti uku ndi kutaya ndalama ndi nzelu pamodzi, pakuti nthawi zambili cimene cafa ndi kachipu kamodzi cabe, ndipo kangathe kucotsedwa ndi kuikapo kena.

Tiyeni timvetsetsane bwino. Pa bodi yochedwa Uno, imene inatuluka mu 2010, pali kachipu kakuda, kotalika ngati cala, ka miyendo 28, kolembedwa kuti ATmega328P. Aka ndiko microcontroller, kakompyuta kakang'ono kamene kamasunga malangizo amene mwana walemba ndi kuwatsatila. Zina zonse zili pa bodi zimangokatumikila: cina cimakapatsa magetsi oyenela, cina cimakalumikiza ku kompyuta, cina cimakawelengela nthawi. Kachipu aka kamadya mavolti 5, ndipo mwendo uliwonse suyenela kupitilila mamiliampu 40. Mwana akalumikiza injini yaing'ono pa mwendo wake popanda cochinjiliza, kapena waya wa batile la mavolti 12 ukakhudza pamalo olakwika, kachipu kamapsa m'kuphethila kwa diso. Ndipo mabatile otele aculuka m'nyumba zathu kucokela mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola oposa 17 pa tsiku.

Amene anakonza Uno anadziwa kuti manja ophunzila amalakwitsa. Ndico cifukwa cake kachipu aka sanakawochelele pa bodi, anangokakhazika m'soketi. Kukacotsa sikufuna moto kapena mtovu. Koma mmisili wabwino sathamangila kuzula. Coyamba amasintha waya wa USB, pakuti nthawi zina wodwala ndi waya. Kenaka amapima ndi mita ngati mavolti 5 akufika pamalo pake. Ngati sakufika, vuto lingakhale pa kacipangizo kotsitsa magetsi, ndipo kachipu katsopano kangapsenso akakaika osakonza pamenepo. Ngati magetsi ali bwino, kompyuta ikuiona bodi koma malangizo akukana kulowa, ndiponso kachipu kakutentha pokakhudza ndi cala, pamenepo mlandu wapezeka mwini wake.

Akazima magetsi onse, amalowetsa sikuludilaiva yaing'ono pansi pa kachipu, kunyamula pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, kufikila katuluka osapinda miyendo. Katsopano kali ndi kamphako ku mutu kwake, ndipo kamphako ako kayenela kuyang'ana kumene kakale kanayang'ana. Kukaika cagada kungakaononge. Cotsala ndi cimodzi cimene ambili amakhumudwa naco: kachipu kocokela ku fakitale kamabwela kopanda kanthu m'kati. Kafunika kapulogalamu koyambila kochedwa bootloader, kamene kamacititsa kuti kamve malangizo odzela pa USB. Ena amagulitsa machipu oika kale kapulogalamu aka. Ngati mulibe, Arduino ina yamoyo ingakalowetse kudzela pa mawaya 6. Potsiliza mumalowetsa pulogalamu yoyesela, ndipo kanyale ka pa bodi kakayamba kuphethila, bodi yauka.

Tanena zonsezi mwatsatanetsatane kuti makolo ndi aphunzitsi aone okha kuti palibe zamatsenga apa. Mwana wa sukulu wodekha angazicite pa tebulo la m'nyumba. Ndipo mwana amene wapima, wafufuza, wapeza cimene cinapsa ndi cifukwa cake, waphunzila zambili kuposa uja amene bodi yake sinafepo. Wadziwa malile a magetsi ndi manja ake, ndipo sadzaiwala.

Ena adzati: nanga si kuli mabodi ochipa ocokela ku China, amene mtengo wake susiyana kwambili ndi wa kachipu kamodzi? Bwanji osangogula ina? Funso ili lili ndi nzelu, ndipo sitikulipeputsa, pakuti kholo la ku Chainda limawelenga ngwee iliyonse. Koma taonani bwino bodi yochipayo. Yambili ili ndi kachipu kakang'ono ka makona anai kowochelela pa bodi, ka miyendo 32 yothithikana. Ako kakapsa, sikuludilaiva siithandiza. Pafunika makina a mpweya wotentha ndi dzanja lozolowela. Ngakhale Uno yatsopano yochedwa R4, imene inatuluka mu 2023, kachipu kake ndi kowochelela. Conco sukulu imene igula mabodi khumi ochipa kuti ana makumi anai aphunzililepo iyenela kudzifunsa kuti ndi angati adzakhala amoyo pakutha kwa caka. Kwa oyamba kumene, bodi ya soketi pamodzi ndi machipu awili kapena atatu osungila ndiyo yochipa zenizeni.

Ngakhale bodi yowochelela siyenela kutayidwa msanga. M'tauni, ku Town Centre Market ndi mu Katondo Street, ndiponso m'tuntemba twa m'misika yathu, muli anyamata ndi atsikana amene tsiku lililonse amacotsa machipu aang'ono kwambili m'mafoni. Kwa iwo kachipu ka Arduino ndi nchito yopepuka. Ambili anaphunzila poyang'anitsitsa anzao, alibe pepala, ndipo sitiwaitana konse kusukulu. Tili ndi amisili pakhomo, koma ana athu amaphunzila za magetsi pa bolodi ndi coko.

Palinso nkhani ya kumene zotayidwazo zimapita. Lipoti la United Nations la mu 2024 linaonetsa kuti m'caka ca 2022 dziko lonse linataya zinyalala za magetsi zolemela matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso m'njila yoyenela sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anai. Kuno kwathu bodi yakufa ikapanda kufika ku dzala la Chunga, imathela m'ngalande kapena pa moto wa malabishi kuseli kwa nyumba, kumene ana amasewela. Mabodi ambili, makamaka akale ndi okonzedwa pamanja, ali ndi mtovu. Ife a Zambia sitifunika munthu wakunja kutiuza zimene mtovu umacita m'magazi a mwana. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana akumeneko akali kudwala nao. Ndiye tikuti amene awochelela azicita pamalo opita mphepo, asambe m'manja asanagwile nsima, ndipo zakufa zenizeni zisungidwe m'katoni, zisaochedwe.

Tikupempha zinthu zitatu. Kwa inu aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo: pogula mabodi, funsani ngati kachipu kake kamacoka, ndipo gulani osungila ndi mita imodzi yopimila. Musalange mwana amene wapseleza kachipu, mupatseni sikuludilaiva. Kwa inu ogulitsa zamagetsi mu Lusaka: ikani machipu awa pa shelufu, oika kale bootloader, kuti munthu asadikile milungu kuitanitsa kunja kanthu kokwana m'bokosi la macisa. Kwa inu a komiti ya citukuko ya wadi ya Chainda: ndalama za CDF zinakwela mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela la phungu aliyense, ndipo mbali yake ndi yophunzitsila luso. Tebulo limodzi lokonzelapo zamagetsi, la mita, coochelela ndi mmisili wa m'msika wobwela kamodzi pa mlungu, silingathe ndalama zambili.

Makolo athu anali kusoka mphika wa citsulo ukabooka, ndi kumata chubu ca njinga kasanu asanagule cina. Sanatelo cifukwa ca umphawi wokha. Anali kudziwa katundu wao mkati ndi kunja. Mwana wa ku Chainda amene lelo wasintha kachipu ka miyendo 28 ndiye amene mawa adzatsegula inivata ya pa kiliniki kapena pampu ya pa citsime ikaima, m'malo moyembekezela munthu wocokela kutali. Bodi imene ili m'kabati ya kusukulu kwanu, itulutseni mlungu uno muipime.