Maso akachita chikasu, geni iyambe yaima

Anzanga a pamsika, lero za mitengo ya tomato ndaziika pambali. Ndikambe za mankhwala a khunyu, poti ambirife tili ndi mwana kapena m'bale amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku kuti asamagwe.

Ena mwa mankhwalawa ndi sodium valproate, omwe ena amawadziwa kuti Epilim. Ndi othandiza zedi, koma kwa anthu ochepa amavulaza chiwindi.

Nkhani yake ili chonchi. Maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120, kenaka amaphwanyika n'kusiya zinyalala zachikasu zotchedwa bilirubin. Chiwindi ndiye wakhonsolo wosesa msika: chimatola zinyalalazo n'kukazitaya kudzera mu ndulu. Tsono wosesayo akadwala, zinyalala zimaunjikana m'magazi. Maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka.

Si zam'maluwa izi. Mu 1987, dokotala Fritz Dreifuss ndi anzake a ku America anaulutsa zomwe anapeza atafufuza imfa za anthu 37 omwe chiwindi chawo chinaonongeka akumwa valproate pakati pa 1978 ndi 1984. Ngozi yaikulu inali pa ana a zaka ziwiri kutsika m'munsi omwe ankamwa valproate mophatikiza ndi mankhwala ena a khunyu: mmodzi mwa ana 500 alionse. Koma mwa anthu opitirira zaka 10 omwe ankamwa valproate payekha, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamwalira ndi vutoli.

Ndiyetu musati mwamva izi basi mapiritsi mukataye kuchimbudzi, ayi! Kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi kumadzutsa kukomoka kosalekeza komwe kumapha. Woimitsa kapena kusintha mankhwala ndi dokotala yekha.

Chomwe ndikupempha n'chakuti mukhale tcheru, makamaka miyezi 6 yoyambirira. Wodwala akayamba kusanza, kukana chakudya, kufooka, kuwodzera masana, kapena maso akasintha mtundu, funditsani katundu, muuzeni mnzanu wa benchi loyandikana akuonereni, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Nyamulani mapiritsiwo ndi buku lakuchipatala, mufunse ngati angayeze magazi n'kuona chiwindi. Safunsa anadya phula.

Ndipo chikasu si ufiti, abale. Musayambe mwakadula mphini. Phindu la tsiku limodzi mudzalipeza mawa, koma chiwindi cha mwana sachigulitsa pamsika uno.

Tionana sabata yamawa.