MPANDA WENIWENI WA NYIKA NDIWO ANTHU A M'MIDZI

Chaka ndi chaka, dzuwa la chilimwe likaumitsa udzu pa mapiri a Nyika m'boma la Rumphi, pamabuka adani awiri a malo okongolawa: moto wa lupsa ndi misampha ya waya. Asilikali oteteza nyama za kutchire amayesetsa ndithu, koma dziko lomwe alondera ndi lalikulu koposa chiwerengero chawo. Nchifukwa chake nkoyenera kulingalira bwino za ntchito ya bungwe la Nyika-Vwaza Association, lomwe mamembala ake ndiwo eni midzi yozungulira nkhalango ziwiri za Nyika ndi Vwaza m'maboma a Rumphi, Mzimba, Karonga ndi Chitipa.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa bungweli ayambe wakumbuka za kale. M'chaka cha 1965 Boma linapatula Nyika kukhala paki yoyamba ya dziko la Malawi. M'chaka cha 1978 malire ake anafutukulidwa, kotero kuti lero kukula kwake kuposa masikweya kilomita 3,000, ndipo palibenso paki ina yoposa imeneyi m'dziko muno. Koma kufutukulako kunali ndi mtengo wake. Mabanja ambiri, makamaka a mtundu wa Aphoka, anasamutsidwa, nasiya minda yawo ndi manda a makolo awo. Kuyambira pamenepo munthu wa kumudzi ankaona msilikali wa nyama ngati mdani, nayenso msilikali ankaona munthu wa kumudzi ngati mbala. Pa udani wotere amene anavutika ndi mbidzi, ntchefu ndi chilembwe, pakuti panalibe wa m'mudzi wofuna kuulula mlenje wakuba.

Bungwe la Nyika-Vwaza linabadwa kudzathetsa udaniwu. Maziko ake ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi, ogwira ntchito pamodzi ndi mafumu, ndipo limayankhulira anthu kwa Dipatimenti ya Boma yoyang'anira mapaki ndi nyama za kutchire. Pangano lake ndi losavuta kumva. Anthu amaloledwa, pa nthawi yoikika ndiponso ndi chilolezo, kumweta udzu wofolera nyumba, kuzula bowa ndi kupachika ming'oma ya njuchi. Ndipo gawo la ndalama zimene mapakiwa amapeza kwa alendo limabwerera ku midzi kukathandiza ntchito za chitukuko. M'malo mwake mamembala amalonjeza kuleka ulenje, kuonjola misampha, kupereka mifuti yosaloledwa ndi kuthandiza kuzima moto.

Ena amayesa kuti zonsezi nzosangalatsa alendo oyendera Chelinda basi. Kuganiza kotero nkulakwa. Nyika ndiyo nkhokwe ya madzi ya Chigawo cha Kumpoto. Udzu ndi madambo a pamwamba pa mapiriwa zimamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Kumeneko ndiko kuchokera mitsinje ya Runyina ndi Rumphi, yothira mu South Rukuru amene apyola Njakwa ndi chigwa cha Henga; kumenekonso ndiko kuchokera North Rukuru, ndi Wovwe amene apukusa makina a magetsi ndi kuthirira mpunga ku Karonga. Moto wa kumapeto kwa chilimwe ukapsereza udzu kufikira mizu, nthaka imatsala yambee, mvula yoyamba imaikokolola, ndipo mtsinje umene unkayenda chaka chonse umasefukira m'dzinja nuuma m'chilimwe. Wokumba chinaka, chimene ena amati chikanda, nayenso amaononga maluwa osowa, amene mitundu yake pa Nyika iposa 200. Chotero mlimi wa fodya ku Bolero ndi mlimi wa mpunga ku Wovwe ali ndi gawo pa mlanduwu ngakhale sanapondepo pa chipata cha Thazima.

Komabe sikungakhale chilungamo kubisa madandaulo a anthu. Mabanja okhala m'mphepete mwa Vwaza, cha ku Kazuni ndi ku Hewe, adziwa kuwawa kwa kudzuka m'mawa ndi kupeza njovu kapena mvuu zitatha munda wa chimanga usiku umodzi. Adziwanso kashembe, ntchentche yofalitsa nthenda ya kaodzera, imene yagoneka anthu ambiri pa chipatala cha boma ku Rumphi. Munthu amene nkhokwe yake yaphwasulidwa ndi njovu samva msanga ulaliki wa kukonda nyama. Bungwe limene lingakhale chete pa zowawa zimenezi lidzataya mamembala ake, ndipo kudzakhala koyenera kutero.

Boma lachitapo mbali yake mooneka. M'chaka cha 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira pamodzi nkhalango za m'malire mwawo. M'chaka cha 2017 njovu 34 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Nyika. Mpanda wa magetsi a dzuwa wamangidwa m'mbali ina ya malire a Vwaza kuti nyama zisalowe m'minda. Ndipo m'chaka cha 2023 Boma linapangana ndi bungwe la Peace Parks Foundation kuti ayendetse limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20. Izi ndi ntchito zazikulu. Koma waya wa mpanda ukadulidwa usiku kuti ukapangidwe misampha, ndalama zonsezo zalowa m'madzi. Wodziwa dzanja lodula wayayo si mlendo wa ku Lilongwe ayi, koma mnansi wake.

Tsono zofunika ndi zitatu. Choyamba, atsogoleri a bungwe aziwerengera anthu poyera, pa bwalo la mfumu, ndalama zimene zalowa ndi ntchito imene zagwira, pakuti chuma cha gulu chikamayenda mumdima chimabala manong'onong'o. Chachiwiri, akuluakulu a mapaki azipereka gawo la midzi m'nthawi yake, ndiponso azifika msanga pamene njovu zatuluka, osadikira kuti mbewu zithe. Chachitatu, mafumu, kuyambira Mfumu Yaikulu Chikulamayembe kufikira nyakwawa ya mudzi wochepetsetsa, asaleke kuchenjeza anyamata kuti wotentha tchire pofuna nyama ya tsiku limodzi akuumitsa chitsime cha ana ake omwe.

Akale anati mutu umodzi susenza denga. Boma palokha silingalondere phiri lililonse ndi dambo lililonse, ndipo midzi payokha singabweze njovu. Anthu amene anapereka minda yawo m'chaka cha 1978 ayenera kuona phindu la nsembe imeneyo m'masukulu, m'mijigo ndi m'mabotolo a uchi. Akaliona phindulo adzasunga Nyika ngati munda wawo, ndipo mitsinje ya Rumphi idzayendabe.