ZA MABANJA A ASILIKARI OTUMIDWA KUNJA

Kwa Mafumu ndi abale onse a bungwe lathu,

Liripo tsiku limene mkazi wa msilikari aliopa koposa masiku onse a caka. Ndilo tsiku limene mwamuna afika kucokera ku perete, nakhala pansi osabvula nsapato, nanena kuti dzina lace lawerengedwa pakati pa iwo akunka kunja. Ana akondwa, pakuti atate ao adzakwera ndege. Abale a kumudzi akondwanso, podziwa kuti malipiro a ulendo wotere aposa a masiku onse, ndipo ena ayamba kale kuwerenga malata a nyumba. Mkazi yekha akhala cete, ndipo za iyeyu tifuna kulankhula nanu.

Maulendo awa sanayambe lero. Makolo athu a Keyala anatumidwa ku Somaliland ndi ku Abyssinia kukamenyana ndi Mataliyana mu 1940 ndi 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Kale lomwe, mu 1914, John Chilembwe analembera nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti amene afera ku nkhondo ndi amphawi, ndi kuti asiya akazi ndi ana ao m'umphawi woposa. Ana athu a masiku ano anayamba kutumidwa kum'mawa kwa Congo mu 2013 pamodzi ndi anzao a ku Tanzania ndi South Africa, pansi pa mbendera ya United Nations. Icedwa nchito yosunga mtendere, koma ife tikumbukira asanu ndi mmodzi amene anafa pafupi ndi Beni mu November 2018. Mmodzi wa iwo anali Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa mnzace wa ku Tanzania, ndipo mendulo yace inalandiridwa ndi banja lace ku New York mu 2019. Atatu enanso anafa mu January 2025. Mkazi uja azidziwa zimenezi, ndipo mantha ace sitingawayese opanda pace.

Cimene tiona ife ndi ici: masiku a pakati pa kumva mbiri ndi kunyamuka atha ndi maphwando ndi kutsazika, ndipo palibe akhala pansi kukonza za nyumba. Mwamuna acoka osanena amene adzatenga ndarama ku banki, kapena ngongole zace ziri kwa yani, kapena munda wa kudambo adzalima ndani. Pakapita miyezi iwiri mlamu afika nati, Acimwene anandilonjeza njinga. Apongozi nao atumiza mau kuti ndarama ndi za mwana wao. Izi zicitika mwamuna ali moyo. Nanga akafa? Kumene kuli cikamwini mkazi atsala pa nthaka ya amai ace, ndipo angalandidwe katundu koma osati pokhala. Koma wotengedwa citengwa, ndi iye wa kumadera a malobolo, akhala pa malo a eni, ndipo taona amasiye otere akuturutsidwa ndi mphika ndi mphasa cabe, maliro asanaiwalike.

Lamulo lakale la cuma ca masiye la 1967 linacotsedwa. Liripo la 2011, ndipo linena poyera kuti kulanda cuma cotere ndi mlandu. Koma mai wa kumudzi safika msanga ku khoti, pamene bwalo la mfumu liri pafupi. Cifukwa cace tipempha inu Mafumu kuti pomva kuti mwana wa m'mudzi mwanu watumidwa kunja, muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri iye asananyamuke. Anene ndi pakamwa pace cimene cidzapita kwa mkazi ndi ana mwezi ndi mwezi, ndi cimene cidzapita kwa makolo ace, pakuti iwonso sayenera kuiwalika. Zilembedwe, mboni ziwiri zisaine, ndipo kalata imodzi isungidwe ndi mkazi. Alembenso wilo, ndi kuona kuti dzina lolembedwa ku nchito kwace monga wolandira ndi lomwelo alichula pabwalo.

Tidziwa kuti ena adzati kulemba zotere ndi kudziitanira imfa. Tiwayankha mwaulemu kuti msilikari anyamula nsaru zomangira mabala m'thumba mwace, ndipo palibe anena kuti wadziitanira cipolopolo.

Mau amodzi kwa acinyamata a mafoni. Mbiri yoipa ikamveka, isafike kwa mkazi pa Facebook iye ali kumsika. Dikirani akuru a nchito ndi ankhoswe akamuuze m'nyumba, monga mwa mwambo wathu.

Nkhani iyi idzakambidwa pa msonkhano ukudzawu. Mfumu iri yonse imene iri ndi asilikari m'midzi yace ibwere ndi ciwerengo cao, kuti tipangane amene adzathandiza kulemba makalatawa kwa iwo osadziwa kulemba.

Ine wanu,
Mlembi