Makalata Ochokera kwa Anthu Osatidziŵa

Pamene LinkedIn inkayamba m'chaka cha 2003, inali ngati bwalo pokumanirana anthu a ntchito imodzi. Pofika 2016, pamene Microsoft inaigula ndi madola 26.2 biliyoni, bwalo lija linali litasanduka msika, ndipo malonda ake ndife. Ofunafuna antchito amalipira ndalama kuti azitilembera makalata ngakhale sitidziŵana.

Ine ndimaphunzitsa Biology, koma tsiku lina wina anandilembera monditamanda kuti ndine katswiri wogulitsa inshuwalansi! Mbiri yanga sanaiŵerenge n'komwe.

Nkhaŵa yanga ili pa inu amene mwangomaliza Folomu 4, pakuti kalata yotere mudzaiyesa mwayi. Mufunseni kaye mwini kalatayo dzina la kampani ndi malipiro ake. Akakuuzani kuti muyambe mwatumiza ndalama, musamuyankhenso.