Nthano Yothiridwa Shuga

Anzanga angapo okonda zolembalemba akhala akundiumiriza kuti ndivomere kuti Sweet Tooth ndi kanema wabwino. Ndamuonera yense, zigawo 24 zimene Netflix inaulutsa kuyambira mu June 2021 mpaka mu 2024, ndipo ndikukana. Kukoma kokha ngokoma ndithu, koma vuto lake lagona pomwepo.

Kwa amene simunamuonere, nkhani yake ili motere. Mliri wasesa anthu padziko lapansi, ndipo pa nthawi yomweyo amayi ayamba kubereka ana amene mbali ina ndi anthu, mbali ina ndi nyama. Otsala amoyo akuloza chala anawo kuti ndiwo adadzetsa mliriwo, ena akuwasaka kuti awapangire mankhwala. Mmodzi wa anawa ndi Gus, mnyamata wa nyanga za mbawala, yemwe bambo ake adamubisa m'nkhalango. Bambowo atamwalira, Gus akutuluka m'nkhalangomo ndi kudziphatika kwa chimunthu china chotchedwa Jepperd.

Nkhaniyi idachokera m'buku la zithunzi la Jeff Lemire wa ku Canada, lomwe lidatuluka m'timabuku 40 kuyambira 2009 mpaka 2013. M'bukumo Jepperd akulonjeza kuperekeza Gus kumalo achitetezo. Mwanayo akumukhulupirira, akudya naye, akugona pambali pake. Atafika, Jepperd akumupereka m'manja mwa asilikali amene amatumbula ana otere, iye n'kulandira malipiro ake: thumba la mafupa a malemu mkazi wake, oti akawaike m'manda kwawo. Apa mpamene padagona mtima wa buku lonselo. Wogulitsa mwana si chilombo chochokera kuthengo ayi. Ndi munthu wachisoni, wokonda mkazi wake, woti ukamuona umamumvera chifundo. Masamba onse otsatira ndi ulendo wa munthu ameneyu kufunafuna njira yodzitsukira m'manja.

Nanga a kanema adachita nazo chiyani? Adazichotsa! Jepperd wawo, yemwe Nonso Anozie akumusewera mwaluso (apa sindingamunamizire), ndi malume wolusa pakamwa pokha. Timangouzidwa kuti kale ankasaka ana, koma Gus sakumugulitsa. Mapiri obiriwira a ku New Zealand, kumene kanemayu adajambulidwa, akuwala ngati chithunzi cha pakalendala, ndipo mawu a nkhalamba yofotokoza nkhaniyo, James Brolin, akutisisita pamsana kuti tisaope kanthu.

Anzanga aja amati: kodi anthu amene anali m'kati mwa Covid-19 mu 2021 akadapirira bwanji mdima wina? Ndikuwamva. Koma opanga kanemayu mdima sadauope pamene udawakomera. Muli chigawo china m'mene anthu oyandikana nyumba akukulunga mnzawo wodwala m'pulasitiki, n'kumutentha pamodzi ndi nyumba yake, uku akuimba nyimbo yotsazikana. Pamenepo ndidaimika kanemayo kaye n'kupuma. Ndiye kuti nkhanza za chigulu adazilola, chifukwa woonera aliyense amadziuza kuti iye sakadakhala nawo m'gulumo. Chimene adathawa ndi nkhanza za munthu amene woonera wamukonda kale.

Taonaninso za Dokotala Singh. Atamubweretsera Gus kuti amupange mankhwala, akudzidzimuka kumva mwanayo akulankhula, ndipo akumusiya. M'malo mwake akufa mwana wina, kuseri, kumene kamera siikufikako. Wokongola ndi wodziwa kulankhula apulumuke, winayo afe mwakachetechete kuti ife tidye nsima bwino.

Mwina wina anena kuti ndikukulitsa nkhani ya ana ongopeka. Ine ndikulemba ndili m'dziko limene, kuyambira cha mu 2014, abale athu achialubino adasakidwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo ndi chizimba. Pa mlandu wina wa ku Machinga, umene khoti lidagamula mu 2022, pakati pa opezeka olakwa panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi m'bale weniweni wa malemuyo. Choipa chitsata mwini, koma apa chidatsata wosalakwa kudzera pakhomo la kwawo. Lemire, ali kutali ku Canada ndipo akulemba za dziko lake longoganizira, adachidziwa chimenechi, kuti wokuperekayo ndi yemwe umadya naye m'mbale imodzi. Kanemayu akuuza ana athu kuti adani amabwera atavala yunifolomu ndi ndevu zazitali ngati General Abbot, oti ukhoza kuwazindikira akadali patali.

Agogo athu potiimbira nthano sankatinyengerera chotere. Kamdothi mvula itamupeza panjira ankasungunuka ndithu, amake akuona, ndipo ife tinkapita kukagona misozi ili m'maso. Mdzukulu wanga wamng'ono atamaliza kuonera Sweet Tooth adangondipempha kuti ndimugulire chokoleti chonga cha Gus.