Pampu yosadziwa kuima

Amalume anga ali ndi Nissan 1400 yakale imene amanyamulira tomato ndi anthu. Chilimwe chino inayamba kumazima pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa dzuwa likaswa mtengo. Makaniko wina anachotsa pampu ya petulo yobwera ndi injini, n'kuika yamagetsi, waya wake n'kungoulumikiza ku kiyi basi. Amalume anabwerako akumwetulira, akuti galimoto yasanduka yamakono. Ine ndikuti anawagulitsa ngozi, iwo n'kulipira okha.

Sindikudana ndi pampu yamagetsi. Yakale ija imakhala pa injini penipeni, imakoka petulo kutali kuchokera ku thanki, ndipo kukatentha petulo amasanduka nthunzi m'paipi, pampu n'kumakoka mpweya wokhawokha. Mphira wake wam'kati ukang'ambika, petulo amatha kutsikira mu oyilo. Zifukwa zoisinthira zilipo ndithu.

Koma ili ndi khalidwe limodzi limene anthu saliwerengera. Imayendetsedwa ndi camshaft, choncho injini ikazima nayonso imaima pomwepo. Yamagetsi yongolumikiza ku kiyi sidziwa zimenezo. Galimoto igubuduzike, paipi iduke, dalaivala akomoke kiyi ali chitsegulire: iyo imangopopabe, kukhuthulira petulo pa zitsulo zotentha mpaka m'thanki muume. Kumbuyoku kuli anthu khumi amene anakwera ndi madengu awo.

Chondipsetsa mtima n'chakuti mankhwala ake amawadziwa aliyense amene anaiphunziradi ntchitoyi. Magetsi a pampu adutse pa fyuzi ndi relay, komanso pa swichi yoyendera mphamvu ya oyilo, kuti injini ikaima pampu izime. Palinso swichi ina imene imadula magetsi galimoto ikawomba chinthu. Pampuyo iikidwe m'munsi pafupi ndi thanki, chifukwa imakankha bwino kuposa kukoka, osati kuimangirira ndi kawaya m'mbali mwa ekizozi. Ndipo si pampu iliyonse. Kabureta imafuna mphamvu yochepa, yosapitirira 7 psi, pamene pampu yozulidwa m'galimoto ya fuel injection imakankha 40 psi kapena kuposa. Ikani imeneyo popanda regulator muone kabureta ikusefukira.

Mnzanga wina wa engineering anandiyankha kuti zonsezo n'za m'buku, kuno timakonza ndi zimene zilipo. Mawu amenewa tawatopa nawo. Fyuzi ndi relay zili mbwee m'mashopu a zida za galimoto ku Limbe. Makaniko safuna kungotaya ola lina pa galimoto imodzi, ndipo mwini wake sadziwa choti afunse. Ifeyo, ndi madigiri athuwa, ndi amene timakwera matola omwewa popita kumudzi patchuthi.

Ndawauza amalume kuti atsegule kiyi osaliza injini, n'kumvetsera. Pampu ikamangolira osasiya, abwerere ku galaja tsiku lomwelo. Iwo akuti ayambe agulitsa kaye tomato.