Chuma cha Pansi pa Nthaka Chifuna Magetsi

Mlendo wolowa mu msika wa Ndirande amalandiridwa ndi kulira kwa nyundo. Amisiri ena akusula mbaula ndi ndowa, ena akusungunula zitsulo zakutha ndi kuumba miphika ya aluminiyamu imene amayi a ku Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa amaphikira nsima. Ochepa okha ndiwo adziwa kuti chitsulo cha mphika umenewo nchochuluka kuposa zitsulo zina zonse za m'nthaka ya dziko lapansi.

Akatswiri a miyala adaipima kale nkhaniyi. Pa makilogalamu 100 a miyala ya pamwamba pa dziko, pafupifupi 8 ndi aluminiyamu, ndipo 5 ndi chitsulo cha makasu, chomwe chimafiiritsa dothi la katondo. Koma mkuwa sukwana magalamu 70 pa tani imodzi, ndipo golide sakwana magalamu 5 pa matani 1,000.

Tsono ngati aluminiyamu ali ponseponse, nchifukwa ninji dziko lino silimpanga? Yankho lili pawiri. Choyamba, chitsulo chomwazika m'dothi sichipindulitsa munthu. Mgodi umakumbidwa pokhapo pamene chilengedwe chidachiunjika pamodzi. Malo otere Malawi ali nawo, pakuti m'chaka cha 1924 Dr. Frank Dixey adapeza mwala wa bauxite pamwamba pa phiri la Mulanje.

Chachiwiri, aluminiyamu amakanirira m'mwala kotero kuti moto wa makala sungamtulutse. Makolo ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo zina mwa izo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. Koma aluminiyamu adakhala wosowa kufikira 1886, pamene Charles Hall ku America ndi Paul Héroult ku France adapeza njira yomyenga ndi magetsi. Tani imodzi imadya matani 4 kapena 5 a bauxite ndi mayuniti a magetsi pafupifupi 14,000. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene mwala wa Mulanje wakhalira zaka 100 osakumbidwa.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza anthu a m'makomboni a Blantyre. Mkuwa umagulidwa ndalama zambiri chifukwa ngwosowa, ndipo nchifukwa chake mbala zimaswa matiransifoma a ESCOM ndi kudula mawaya usiku. Wakubayo amalandira ndalama za tsiku limodzi, koma chigayo cha ku Machinjiri chimaima, wowotcherera zitsulo amakhala manja lende, ndipo ana amawerenga ndi kandulo. Dziko limene mawaya ake amathera kwa ogula zitsulo zakutha silingayembekeze kuyenga miyala yake.

Boma lidachita bwino kuika migodi m'masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka miyala imene maiko akunja akuifuna. Komabe phindu lalikulu limakhala kwa woyenga, ndipo woyenga amadalira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuti afike kwa iye osadulidwa panjira.

Mmisiri wa ku Ndirande ayenera ulemu pa nkhaniyi. Kusungunula aluminiyamu wakale kumafuna magawo 5 okha pa 100 a mphamvu yoyengera watsopano, choncho mphika wobooka ndi chuma, si chinyalala. Chofunika nchakuti ogula zitsulo afunse kumene katundu wachokera, akane waya wa magetsi ndi zivundikiro za ngalande, ndipo mafumu a m'madera athandizane ndi apolisi. Kuyambira masiku a Dr. Banda anthu amati chuma chili m'nthaka. Mawuwo ngoona, koma chumacho chidzatuluka pokhapokha waya wa pa mtengo ukasiyidwa pamalo pake.